Mutu 6: Lipenga la Brina Likhala Chete

1. Mpweya wothawira pambali

Chaka chimenecho udzu unakula msanga, ndipo pofika mwezi wa Julaye banja lililonse m'mudzi mwathu linali kalikiliki kuumweta ndi kuuyanika kuti ng'ombe zidzadye nthawi yachisanu. Brina Hribar, mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu, ankathandiza bambo ake ntchito imeneyi masana onse. Madzulo ankasamba mofulumira, n'kunyamula lipenga lake kupita ku nyumba ya ozimitsa moto, kumene bandi ya m'mudzi inkaphunzirira nyimbo.

Kwa masiku angapo mutu unali ukumupweteka, khosi litauma. Ankatopa msanga ndipo chakudya sichinkamukomera. Amayi ake anati ndi dzuwa, bambo ake anati ndi foni. Brina sanafune kudandaula kwambiri. Bandi inali kukonzekera ulendo wa kunyanja, kumene mabandi a madera ambiri amakumana chaka ndi chaka, ndipo iye anali atapatsidwa koyamba kachigawo koti akaimbe yekha.

Lachisanu lina anaika lipenga pamilomo, anakoka mpweya, n'kuuzira. M'malo mwa nyimbo, mpweya unathawira kumbali ya kumanzere kwa kamwa ngati tayala la njinga likuphwa. Anayesanso, koma zinali chimodzimodzi. Anyamata a mzere wakumbuyo anaseka, wina n'kufunsa ngati Brina wabweretsa tsekwe m'chikwama.

Bambo Mrak, mphunzitsi wa bandi, anali munthu wa imvi amene anaphunzitsa kuimba pafupifupi aliyense m'chipindamo, ena mpaka ndi makolo awo omwe. Iwo sanaseke. Anaika kandodo kawo pansi, anasendera pafupi, n'kumuuza Brina kuti amwetulire. Mbali ya kumanja inamwetulira, ya kumanzere inangokhala zii. Anamuuza kuti atsinzine. Diso la kumanja linatseka, la kumanzere linatsala lotsegula pang'ono.

Kuseka konse kunatha. Polona, mnzake wapamtima wa Brina amene ankaimba chitoliro, anamugwira dzanja.

"Longedza lipenga lako, mwanawe," anatero bambo Mrak modekha. "Ndikuimbira foni bambo ako. Nkhope iyi aione adokotala lero lomwe."

2. Madzi a pamsana

Bambo a Brina, a Janko, anabwera ndi zovala zakumunda, udzu uli m'tsitsi. Anamutengera Brina ku chipatala cha m'tauni. Ankaopa sitiroko, poti nkhope ya malemu bambo awo inapindika chonchi asanagwe m'matenda awo omaliza.

Anawalandira dokotala Vidmar, mayi wamfupi wa magalasi. Anamuuza Brina kuti akweze nsidze. Mphumi inachita makwinya mbali imodzi yokha. Adokotala anatembenukira kwa a Janko n'kuwauza kuti mtima ukhale pansi, zimenezi sizikufanana ndi sitiroko. Kenako anafunsa ngati mtsikanayo analumidwapo ndi nkhupakupa posachedwapa.

Kwathu kuno funso limeneli n'loseketsa, chifukwa palibe amene amatha chilimwe osadzichotsa nkhupakupa. Komabe Brina anakumbukira imodzi. Mwezi wa Juni anapita ndi Polona kunkhalango kukathyola mabulosi akutchire, ndipo patapita masiku anapeza nkhupakupa kuseri kwa khutu, m'tsitsi, itakhuta kale. Anaizula n'kuiwala. Ngati pamalopo panafiira, tsitsi linabisa.

Anamutenga magazi, ndipo m'mawa mwake anamutenga madzi a pamsana. Anagona chammbali atapinda mawondo ngati mphaka, namwino wina dzina lake Irena akumucheza za nyimbo. Brina anaona kuti mantha anali aakulu kuposa ululu wake. Amayi ake, a Darja, anafika kuchokera ku fakitale atanyamula msuzi wa nkhuku m'botolo.

Zotsatira zitabwera, adokotala anakhala pamphepete pa bedi n'kuyankhula ndi Brina mwiniwakeyo, makolo akumvetsera.

"Matenda ako ndi boreliyoza, amene m'mabuku timalemba kuti Lyme. Nkhupakupa imatenga tizilombo kwa mbewa ndi mbalame za m'nkhalango, ndipo ikakhalitsa pathupi la munthu imatisiya m'khungu. Kwa anthu ambiri nkhani imathera pakhungupo. Pamatuluka chibanga chofiira chonga mphete, munthu n'kumwa mankhwala, n'kuchira. Mwa iwe tizilomboti tayenda mpaka kufika pa zokuta ubongo ndi pa mtsempha umene umayendetsa nkhope. Mtsemphawo watupa, koma sunafe.

"Mankhwala opha tizilomboti alipo, ndipo amagwira bwino kwambiri, makamaka kwa achinyamata. Tizikupatsa pa diripi kamodzi pa tsiku kwa milungu iwiri. Koma undimvetse apa. Mutu usiya kupweteka msanga, ndiye uziona ngati wachira. Nkhope ndiye ichedwa, mwina mwezi kapena kuposerapo, ndiye uziona ngati mankhwala sakugwira. Zonse ziwirizi zimanamiza anthu. Ntchito ya mankhwala ndi kupha tizilombo. Kuwongola nkhope ndi ntchito ya thupi lako, ndipo thupi silithamangitsidwa."

Anamuuzanso za diso losatsekalo: kulidonthezera mankhwala masana kuti lisaume, kulipaka mafuta ndi kulimata pogona, ndi kuvala magalasi akuda panja.

Brina anali ndi funso limodzi lokha, ngati adzaimbanso lipenga. Adokotala anayankha kuti ana ambiri nkhope imabwerera yonse, ndipo iwo akuyembekeza zomwezo kwa iye, koma tsiku lake sangalilonjeze.

3. Galimoto ya teta Slavka

Atagona m'chipatala masiku owerengeka, anamulola kuti azichokera kunyumba. Anamusiyira kanyula padzanja, kapulasitiki kolowetsera mankhwala m'magazi, atakakulunga bwino ndi bandeji. Vuto linali la womutengera kuchipatala tsiku ndi tsiku, poti bambo anali ndi udzu ndipo amayi anali ndi ntchito.

Apa ndi pomwe analowerera azakhali ake, mlongo wa a Janko, amene mudzi wonse unkawatcha teta Slavka. Anayendetsa basi ya ana asukulu kwa zaka zambiri asanapume ntchito. Tsopano anali ndi kagalimoto kakang'ono kofiira, koma ankakayendetsabe ngati basi. Pokhota ankatenga msewu wonse, ndipo akaona mwana m'mbali mwa njira phazi linkapita lokha pa buleki.

Masiku amenewo anamukomera Brina kuposa mmene ankaganizira. M'mawa uliwonse ankatsika ndi msewu wa m'mbali mwa mtsinje, mawindo ali otsegula, azakhali akumuuza mbiri ya nyumba iliyonse: uyu ankasanza m'basi, uyo ankabisa achule m'thumba, lero ndi wapolisi. Ku chipatala namwino Irena ankakoleka botolo, mankhwala n'kumadontha pang'onopang'ono, Brina akuwerenga buku. Akatuluka, azakhali ankamutengera ku kasitolo ka pafupi ndi msika kukadya keke ya kirimu.

Kudya kunali ndi nthabwala zake. Madzi ankamwera kapaipi kumbali ya kumanja, chifukwa akamwera kapu ankatsikira pachibwano. Kirimu ankatsalira pamlomo wa kumanzere, azakhali n'kumangoloza ndi chala osasiya nkhani yawo. Tsiku lina bambo ake anamuyang'anitsitsa pamene Brina ankamwetulira, n'kunena kuti akuoneka ngati wogula ng'ombe amene wangopusitsa munthu pamsika. Amayi anakalipa, koma Brina anaseka mpaka misozi.

Ku udzu anamuletsa. Masana ankakhala pansi pa mtengo wa maapozi kwa azakhali, akutongola nyemba pamodzi ndi amuna awo, a Stane, amene kale ankagwetsa mitengo m'nkhalango ndipo ankayenda mokoka phazi limodzi. A Stane ankamuphunzitsa njuga, iye n'kumawaphunzitsa kutumiza zithunzi pa foni. Onse awiri anali ophunzira ouma mutu.

Sabata isanathe mutu unasiya kupweteka, khosi linamasuka, njala inabwerera. Nkhope yokha ndiyo inali chikhalire.

4. Nzeru za Polona

Ulendo wa kunyanja unagwera pa masiku atatu omaliza a diripi. Brina anali atadziwa kale, koma sankafuna kuzitchula. Anazitchula ndi Polona, atabwera kudzamuona madzulo ena. Anakhala pa mulu wa matabwa kuseri kwa khola, kumene makolo sakanawamva.

Polona anafotokoza kuti mpando wa Brina m'basi ukadalipo, kuti akagona chipinda chimodzi, ndi kuti ngakhale osaimba akhoza kunyamula mbendera ya bandi patsogolo.

"Ndiye diripi ndiisiyira ndani?" anafunsa Brina.

"Iwe, wamwa kale mabotolo angati? Tizilombo take n'totani tosafa mpaka lero? Taona, ukudya ngati wodula mitengo. Ungowauza teta kuti anamwino anena kuti wamaliza. Kapulasitikiko tichotsa tokha, mkulu wanga amatha."

"Nanga nkhope yokhotayi pa zithunzi?"

"Uziima chammbali ngati mfumukazi ya pa ndalama. Usandisiye ndekha ndi anyamata onunkha masokosi aja, Brina. Takhala tikuudikira ulendowu chaka chonse."

Polona sankafuna kumupweteka mnzake. Ankangomufuna pa ulendo. Ndipo zimene ananena zinamveka zanzeru, chifukwa Brina ankamvadi bwino m'thupi. Tsiku lomwelo anatulutsa chikwama, anaikamo chovala chosambira ndi yunifolomu ya bandi, n'kuchikankhira pansi pa bedi.

M'mawa mwake ali m'galimoto, anafunsa azakhali ngati akungocheza, kuti kodi munthu wina atadumpha mabotolo omaliza okha, atachira kale, chingachitike n'chiyani.

Teta Slavka anayendetsa mpaka pamalo poimikira basi, anaimitsa galimoto, n'kuzimitsa injini.

"Ndanyamula ana zaka zambiri, Brina. Mwana akayamba ndi mawu akuti munthu wina, ndimadziwa kuti munthu winayo wakhala pambali panga. Tandimvera.

"Amalume ako a Stane wawadziwa akukoka kale phazi. Ine ndinawadziwa akunyamula chipika paphewa ngati mtolo wa udzu. Chaka china anabwera kuchokera kunkhalango ndi chibanga chofiira pantchafu. Adokotala anawapatsa mapiritsi. Anamwa masiku ochepa, chibanga chinazilala, otsalawo n'kuwaponya m'kabati, akuti munthu wochira samwa mankhwala. Itafika nthawi yothyola maapozi, msana unayamba. Sunali msana wa ntchito ayi. Unali moto woyenda kuchokera m'chiuno kutsika ndi mwendo, ndipo akagona ndiye unkalusa. Bambo wamkulu uja ankazungulira m'khitchini akubuula, tulo osatiwona. Anayesa mafuta opaka, anayesa madzi otentha, n'kudzapita kuchipatala mwendo utayamba kale kukana. Diripi ngati yakoyi ndi imene inawapulumutsa, tizilombo tinatha. Koma mtsempha umene wazunzika nthawi yaitali subwerera wonse. Phazi lija mpaka lero salimva bwino, ndipo kunkhalango sanabwererenso.

"Sindikunena kuti iwenso zikuchitikira zomwezo. Mwina ukhoza kudumpha n'kukhala bwinobwino. Sindikudziwa ine, sukudziwa iwe, ndipo Polona sakudziwa. Koma zikalakwika, ilakwika ndi nkhope yako, osati ya Polona. Ine sindikumanga ndi chingwe, ndiponso sindikakuneneza kwa amayi ako. Ndikungokupempha chinthu chimodzi. Usachite mobisa. Adokotala ali pompano, pakamwa uli napo. Kawafunse poyera."

Atatero analiza injini, n'kuyamba nkhani ina ya mkwatibwi amene anafika ku tchalitchi pa thirakitala.

5. Njira ziwiri

Diripi ya tsiku limenelo itatha, Brina anapempha namwino Irena kuti aonane ndi adokotala. Anawafotokozera zonse, za ulendo, za mbendera, ngakhale za chikwama cha pansi pa bedi. Ankayembekeza kukalipiridwa, koma dokotala Vidmar anamuthokoza chifukwa chofunsa.

Anamuuza kuti kusiya mankhwala ndiye ayi, zimenezo asaziganizirenso. Koma panali njira ina imene Brina sankaidziwa. Pali mapiritsi amene amagwira matendawa bwino lomwe, ndipo odwala ambiri amachira ndi amenewo osaona diripi. Adokotala anati akhoza kumusinthira masiku otsalawo ngati makolo avomera.

"Koma mapiritsi amenewa amadana ndi dzuwa," anapitiriza. "Khungu limapsa msanga, ngakhale munthu amene sapsa kawirikawiri. Ukamwa, uyenera kukhala pamthunzi, chipewa kumutu, manja ataliatali. Sumwera pamodzi ndi mkaka kapena ayisikirimu, chifukwa mkaka umawalanda mphamvu. Ndiye pali diso lakoli. Silinayambe kutseka bwino, ndipo kunyanja kuli mphepo, mchenga ndi madzi amchere. Likakandika, tiyamba ntchito ina yatsopano. Ngati ungasunge zonsezi, pita. Ngati sungathe, maliza diripi kuno. Ukakambirane ndi makolo ako."

Madzulo pa chakudya anawauza makolo ake nkhani yonse kuyambira pachiyambi. A Darja anatulutsa maso atamva za kuchotsa kanyula kuseri kwa khola, koma a Janko anawagwira pamkono. Anati mwana wabwera nazo yekha poyera, ndiye amusiye asankhe yekha, iwo avomera njira iliyonse mwa ziwirizo.

Brina anaimbira foni bambo Mrak kufunsa dongosolo la ulendo. Anamuuza kuti mabandi akaguba masana dzuwa lili paliwombo m'mbali mwa doko, ndipo akamaliza onse akasambira.

Anabwerera patebulo n'kukhala pansi.

"Ndikudzidziwa," anatero. "Ndikangoona madzi aja, chipewa ndikachiiwala m'basi. Ndipo kukhala ndekha pansi pa ambulera, anzanga akusambira, ine ndikudonthezera diso, si ulendo umenewo. Nditsala. Nyanja sikuthawa."

A Janko anangogwedeza mutu n'kumuwonjezera mbatata m'mbale. Atatha kudya, Brina anakatulutsa chikwama chija, n'kubwezera zovala m'kabati.

Polona atamva anakwiya. Anati Brina wakalamba asanakule, ndipo tsiku lonse sanayankhe mauthenga ake. Koma mawa lake anabwera yekha, atanyamula mabulosi m'kapu, n'kufunsa kuti amubweretsere chiyani kuchokera kunyanja.

6. Basi inyamuka

Tsiku la ulendo Brina anadzuka m'mamawa kukatsanzikana ndi anzake pabwalo la tchalitchi. Anavala magalasi ake akuda ndipo ananyamula potica, mkate wopota wa mtedza umene amayi ake anaphikira bandi yonse. Mnyamata uja wa nthabwala ya tsekwe ndi amene anapatsidwa kachigawo ka Brina. Anabwera mwamanyazi kudzafunsa malo opumira mpweya pa mzere wovuta, ndipo Brina anamusonyeza.

Zida zonse zitalowa, bambo Mrak anamuitanira pambali.

"Ndamva kuti watsala mwa kufuna kwako. Wachita bwino. Tsopano ndikuchenjeze za lipenga. Ndikudziwa kuti uzilitulutsa m'bokosi ukakhala wekha, kufuna kuona ngati labwerera. Usatero. Ukaumiriza milomo isanalimbe, iphunzira kukhota kuti mpweya usathawe, ndipo chizolowezi chimenecho chimavuta kuchotsa kuposa matendawo. Ndaona oimba abwino akuwononga kamwa lawo chifukwa cha kupupuluma. Ulipukute, ulidzoze mafuta, ulitsekere. Tsiku lolitsegula tidzasankha tonse, adokotala akadzavomera.

"Koma usaganize kuti wapuma. Woimba ng'oma yaikulu wapeza ntchito ku Austria, ndipo mwezi wamawa tili ndi phwando la ozimitsa moto. Ng'oma siifuna milomo. Imafuna munthu wodziwa kuwerenga nyimbo ndi wosathamanga. Ndikabwera uyambe."

Basi inanyamuka, Polona atakanikiza mphuno pawindo. Brina anaibayibitsa mpaka inakhota pa mlatho. Diso la kumanzere, limene linkatuluka misozi lokha masiku onsewo, linapeza mnzake, poti la kumanja nalo linayamba. Teta Slavka anamusiya alire pang'ono, kenako analiza hutala kuti nthawi ya chipatala yakwana.

Masiku otsalawo anadutsa mofatsa. Polona ankatumiza zithunzi: bandi ikuguba, anyamata atapsa misana ngati nyama yowotcha, bambo Mrak atakwinya buluku m'madzi ofika m'mawondo. Brina ankawaonetsa a Stane pansi pa mtengo wa maapozi, onse n'kumaseka.

Botolo lomaliza litatha, namwino Irena anachotsa kanyula, anamata kabala, n'kumugwira chanza ngati munthu wamkulu. Adokotala anamuuza kuti adzabwerenso kudzamuona, ndi kuti kunkhalango azipita monga kale, koma atavala buluku lalitali, ndipo akabwerako azidzifufuza thupi lonse tsiku lomwelo, m'tsitsi ndi kuseri kwa makutu komwe. Pobwerera, teta Slavka analiza hutala kuyambira pa chikwangwani cha mudzi mpaka pakhomo, agalu onse akuuwa.

7. Phwando la ozimitsa moto

Nkhope inabwerera mwakachetechete. Poyamba chikope chinayamba kutsika chokha pogona. Kenako nsidze inagwedezeka. Tsiku lina Brina anamwa madzi m'kapu, n'kuzindikira atamaliza kuti malaya ake ndi ouma. Atapita kukaonedwa, adokotala anakhutira, ndipo anavomera kuti ayambe kuyesa lipenga pang'onopang'ono.

Phwando linachitika Lamlungu lina la mwezi wa Ogasiti, pabwalo la nyumba ya ozimitsa moto. Anayala matebulo ataliatali, masoseji akuwotchedwa pa makala, ana akukwera ndi kutsika pa galimoto yofiira ya moto. A Janko, amene nawonso ankadzipereka pa ntchito yozimitsa moto, anali pakati pa anzawo, atavala yunifolomu, akugawa zakumwa. Kunali kotentha modabwitsa, ndipo pamwamba pa mapiri panali pataunjikana mitambo yakuda kuyambira m'mawa, koma m'mudzi simunagwe dontho.

Brina anaima kumbuyo kwa bandi ndi ng'oma yaikulu pamimba. Anapeza kuti ng'oma ili ndi kukoma kwake. Ukaimenya, bandi yonse imayenda pa phazi lako, ndipo ovina amakumvera osadziwa. Teta Slavka anavina ndi a Stane, iwo akukoka phazi lawo mosangalala, anthu akuwapatsa malo.

Pa nthawi yopuma, bambo Mrak anamukodola. Anazungulira kuseri kwa nyumbayo pamodzi ndi Polona, kumene Brina anasiya bokosi lake. Analitsegula. Anaika lipenga pamilomo, anakoka mpweya, n'kuuzira.

Kunatuluka liwu limodzi lotsika, losasa ngati la mwana wa ng'ombe wanjala. Koma linatulukira kutsogolo kwa lipenga, ndipo pambali pa kamwa sipanathawe mpweya.

Polona anakhala pansi ndi kuseka, n'kunena kuti sanamvepo nyimbo yoipa chonchi imene yamukondweretsa. Bambo Mrak anamvetsera mpaka liwulo linatha.

"Zakwana za lero," anatero. "Tsekera. Mawa tiwonjezera lina."

Brina ankapukuta lipenga akumwetulira ndi mbali zonse ziwiri, ina yotsalira pang'ono, pamene sairini ya padenga inayamba kulira. Nyimbo za pa wailesi zinadulidwa. Pabwalo mabenchi anagwa, abambo akusiya makapu n'kuthamangira zipewa zawo zachitsulo.

A Janko anatulukira pakona akumanga lamba. Anamuuza Brina mwachidule kuti kumapiri kwagwa chimvula, mtsinje wasefukira kumtunda pafupi ndi pochekera matabwa, ndipo madzi akutsika ndi mitengo yomwe.

"Amayi ako ali kuntchito kutsidya, ndipo mlatho tikukautseka. Ng'ombe zathu zili kudambo lakumunsi. Thamanga ndi Polona, ukazitsegulire zikwere kumtunda. Koma undimve bwino, Brina. Ukapeza madzi afika panjira, usawoloke. Ng'ombe zisiye."

Atsikana awiriwo anasiya zida zawo m'manja mwa bambo Mrak n'kuthamanga kudutsa m'munda wa chimanga, mabingu akugunda kumbuyo kwawo. Atafika pachitunda choyang'ana dambo, Brina anaima mwadzidzidzi mpaka Polona anamuomba kumsana.

Ng'ombe zonse zinali zitapanikizana pakona ya mpanda, zikulira. Chipata chinali chotseka, pafupi kwambiri moti Brina ankaona chingwe chake chomangira. Koma pakati pa iye ndi chipatacho, pamene m'mawa panali njira youma, panali pakuyenda madzi amatope.